Kakhadi ka m'Kamera ya Ada

Laputopu imene ndinapita nayo ku Chintheche inali itakalamba kale pamene inkafika m'manja mwanga. Anandisiyira ndi achimwene anga atagula ina, ndipo pondipatsa anachita kukweza mapewa ngati akundipatsa ng'ombe. Inali yolemera, yotentha kunsi, batire lake losachedwa kutha. Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinkandipsetsa mtima chinali kuchedwa kwake. Ukaiyatsa unkatha kupita kukatsuka mbale, kubwerako, n'kupeza ikadali kuganiza. Ukadina kanthu, kanyali kakang'ono kakutsogolo kankayamba kuphethira, mkati mukumveka ngati khoswe akutafuna kanthu kudenga, iwe uli chidikirire. Ine si munthu wodekha. Ana asukulu ankadziwa, aphunzitsi anzanga ankadziwa, ndipo laputopu imeneyo inamva mawu ambiri amene sindingawalembe pano.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Ananditumiza kukaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina ya kum'mwera kwa Chintheche, kulowera ku Bandawe, zaka zija mafoni a anthu ambiri anali a mabatani. Nyumba za aphunzitsi zinali zodzaza, ndiye ndinapeza ya lendi kwa mayi wina wachikulire, wamasiye. Inali nyumba ya malata, ya magetsi, imene anawamangira mwana wawo wa ku Joni. Eni ake ankagona m'kanyumba kakale kuseri kwake, ati malata amawasokosera mvula ikamagwa. Mudzi wonse unkawaitana kuti ama, monga Atonga amaitanira amayi awo, ndipo posachedwa nanenso ndinazolowera. Iwo ankandiitana kuti amadamu, ngakhale pondikalipira kuti ndayanika zovala pamwamba pa chinangwa chawo.

Mwana wawoyo anali mmodzi yekha wamwamuna, ndipo anapita ku Joni asanamere ndevu zenizeni. Kumeneko n'zosadabwitsa, pafupifupi khomo lililonse lili ndi wake ku Joni. Vuto lake linali lakuti mapepala ake sanali olongosoka. Akanati abwere kudzaona kwawo, njira yobwerera ikanatsekeka, ntchito n'kuthera pomwepo. Choncho zaka zinangowunjikana. Ankaimba foni mwa apo ndi apo, ankatumiza katundu pa mabasi, koma nkhope yake ama anali asanaionenso chichokereni. Chithunzi anatumizapo, ataima patali, atavala suti, atatsamira galimoto ya eni ake. Ama anachiyang'ana n'kunena kuti chimenecho ndi chithunzi cha galimoto.

Maso a ama anali akupita. Lakumanzere linali litada kale. Lakumanja linkaona chapakati pokha, m'mbali monse muli mdima, ndipo kachapakatiko kankacheperachepera. Kuchipatala anawauza kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndi matenda ena amene sabwerera m'mbuyo, n'kuwapatsa mankhwala odontheza ongochedwetsa. Akafuna kuona chinthu ankachibweretsa pafupi, n'kumayendetsa mutu pang'onopang'ono, kuchiona mbali imodzi, kenako ina, mpaka chikwane. Sankadandaula. Kamodzi kokha, tikusenda chinangwa, ananena ngati akunena za mtengo wa mchere kuti, “Amadamu, ine ndikungofuna ndimuone mwana uja diso ili lisanatseke. Zina zonse ndaona kale.”

Maganizo oti tionane pa kompyuta anabwera ndi mwana wawo yemweyo. Tsiku lina anaimba pa foni yanga, ndipo atamva kuti ndili ndi laputopu anati kufupi ndi kumene amakhala kuli kafe ya intaneti, yokhala ndi makompyuta a kamera. Iye ankagwira ntchito m'nyumba ya azungu, ndipo ankamasuka Lamlungu masana okha. Pa kafepo anthu ankachuluka tsiku limenelo, aliyense ankapatsidwa kanthawi kake, ndipo kakatha kompyuta inkadzitsekera yokha, wina n'kukhalapo. Ine ndinali ndi kadongulo, kachipangizo kaja kobaya m'mbali mwa laputopu kuti ulowe pa intaneti. Ndinavomera msanga, monyadira ndithu. Ndinaiwala kuti laputopu yake ndi iti.

Lamlungu loyamba, pochokera kutchalitchi, ndinapeza pakhomo panga padzaza. Nkhani inali itamveka. Anabwera azakhali, asuweni, oyandikana nawo nyumba, ndi ena amene ubale wawo sindinaumvetse mpaka lero. Patsogolo pa onse panali bambo amene onse ankawaitana kuti ada, monga Atonga amaitanira abambo awo, mng'ono wa malemu amuna a ama, mkulu wa mpingo, amene pa unyamata wawo anagwirapo ntchito m'mahotela ku Joni komweko. Ada sankaoneka pagulu opanda jekete ndi tayi, ngakhale mu Okutobala phula likusungunuka pamsewu. Anakhala pampando patsogolo pa tebulo, n'kuwongola tayi, n'kundiuza kuti ndiyambe.

Ndinayatsa. Kanyali kanayamba kuphethira. Ndinatsegula pulogalamu yoimbira, ndipo inangoonetsa sikirini yoyera. Ndinabaya kadongulo, nako kanafuna pulogalamu yake, ndipo ziwirizo zinayamba kulimbirana m'kati mwa makina ngati ana awiri pakhomo lopapatiza. Thukuta linanditsika. Foni yanga inkangolira mauthenga, “Ndadikira,” “Mwafika pati?” Pamene zonse zinkatseguka, uthenga womaliza unali utafika kale wakuti nthawi yake yatha. Anthu anabalalika mwaulemu, ena akundithokoza kumene, ndipo kuthokozako kunandiwawa kuposa chipongwe.

Lamlungu lotsatira ndinayatsiratu ndisanapite kutchalitchi, koma magetsi anazima tili mkati mwa ulaliki, batire n'kufa. Atayaka ndinayambanso pachiyambi. Ulendo uno nkhope inaoneka. Inali nkhope ya bambo wamkulu ndithu, wovala chipewa, akusuzumira ngati munthu woyang'ana m'chitsime. Nyumba yonse inafuula. Ada anakweza dzanja, anthu n'kukhala chete, ndipo anayamba ndi pemphero. Atamaliza anamulonjera m'Chitonga kuti, “Mwe uli, mwana wangu?” Mwanayo anayankha, nawonso anayankha, n'kuyamba kufotokoza za ulendo wawo wa kutchalitchi. Ali mkati mofotokoza chithunzi chinauma, munthu kukamwa kuli yasa, kanyali kakuphethira. Ama anali pamphasa kumbuyo kwa azimayi ena, atavala chitenje chawo chatsopano. Sanafike n'komwe pafupi ndi tebulo.

Lolemba ndinalowa m'sitafu rumu ndikutukwana makina. Mphunzitsi mnzanga wa sayansi, bambo wa ku Nsanje wokonda kuseka anthu akakwiya, anandilola ndimalize kaye, kenako anaitenga laputopuyo n'kuiyang'ana m'kati mwa mapulogalamu.

“Mayi, makina anuwa alibe mlandu,” anatero. “Mukuwasenzetsa katundu woposa mutu wawo.”

Anandifotokozera kuti m'kompyuta muli malo awiri. Pali kamalo kakang'ono kofulumira, kamene amati ramu, kogwirirapo ntchito imene ili m'manja. Ndiye pali nkhokwe yaikulu yochedwa, hadi disiki, imene imachita kuzungulira kuti ipeze chinthu. Ramu ya laputopu yanga inali yochepa kwambiri, choncho kanthu kalikonse makina ankathamangira kunkhokwe, ndipo kuphethira kwa kanyali kuja kunali maulendo amenewo. Mankhwala enieni anali kugula ramu ina, koma ya mtundu wakale chonchi anati ngakhale ku Mzuzu ndikhoza kuzungulira mashopu onse osaipeza. Kenako anandionetsa kampata kopyapyala m'mbali mwa laputopu, kamene ndinali ndisanakagwiritsepo ntchito.

“Umu mumalowa memori khadi. Mukalowetsa, makina akufunsani ngati mukufuna khadilo liwathandize kufulumira. Mukavomera, tinthu ting'onoting'ono timene amatifuna kawirikawiri azitisunga pakhadipo m'malo mothamangira kunkhokwe. Zili ngati kuika ndowa ya madzi pakhomo la khitchini kuti musamapite kumjigo ndi kapu nthawi iliyonse. Mjigo sunasunthe ayi, ndipo netiweki ikavuta musadzandiimbe mlandu. Koma maulendo achepa.”

Anandichenjezanso zinthu ziwiri. Khadi liyenera kukhala lofulumira, apo ayi makina alikana. Ndipo likalowa lisamatulutsidwetulutsidwe, lizikhala momwemo kuti makina aphunzire zimene ndimatsegula kawirikawiri.

Ndinapita nayo laputopu ku Chintheche pa minibasi, nditaikulunga m'chitenje. Pamsika panali bambo wina wogulitsa machaja, mabatire ndi makhadi, ambiri mwa iwo atathiridwa kale nyimbo zakwaya ndi zovina. Anandilola kuti ndiyesere pa benchi pake pomwepo. Tinalowetsa loyamba, makina anaganiza kwa kanthawi, n'kulemba kuti khadi ili n'lochedwa, silingathandize. Lachiwiri chimodzimodzi. Tinayesa onse amene anali m'kabotolo kake, ena olembedwa manambala akuluakulu pamwamba, ndipo onse anakanidwa. Bamboyo anakhumudwa ngati ndanyoza ana ake.

“Makina anuwa ndi onyada, amadamu,” anatero. “M'mafoni monsemu makhadi anga akuimba bwinobwino.”

Ndinaseka mpaka misozi, anthu n'kumandiyang'ana. Laputopu yochedwa kuposa zonse m'boma la Nkhata Bay inali kukana anzake kuti ndi ochedwa.

Ada anamva za ulendo wangawo, pakuti kumeneko nkhani imafika kunyumba munthu usanatsike minibasi. Madzulo ake anabwera atakolowekera kamera m'khosi. Anawatumizira ndi mwana wawo wamkazi wa kunja, ndipo ankajambulira maukwati ndi misonkhano ya mpingo. Anatsegula kachitseko kakunsi ndi chikhadabo, n'kutulutsa kakhadi kabuluu.

“Yesani aka, amadamu. Aka si ka pamsika.”

Ndinayamba ndasamutsira zithunzi zawo zonse m'laputopu, iwo ataima kumbuyo kwanga akuwerenga ndi maso kuti pasasowe mkwati ngakhale mmodzi. Kenako ndinafunsa makina, ndipo anavomera. Ada anangogwedeza mutu ngati munthu amene ankadziwa kale. Anati kamera ikhoza kupuma kaye, nyengo ya maukwati ikadali kutali. Ndinawathokoza kuchokera pansi pa mtima, ndipo mpaka lero ndimawathokoza. Koma pofika Lachitatu mpingo wonse unali utadziwa kuti makina a amadamu akuyenda ndi khadi la ada.

Sabata imeneyo ndinaiweta laputopu ngati mwana wa ng'ombe wophunzira goli. M'mawa ndisanapite kusukulu ndinkayatsa, kubaya kadongulo, kutsegula pulogalamu yoimbira, kutseka. Ndikaweruka, chimodzimodzi. China chilichonse sindinkatsegula, ngakhale mayeso a ana ndinawalemba pamanja, kuti makina asasokonezeke pa chimene ndikufuna. Ndinachotsanso timapulogalamu tina timene tinkadzitsegula tokha poyatsa. Masiku oyamba sindinaone kusintha, ndipo ndinali nditakonza kale mawu okamuuza wa ku Nsanje uja. Kenako m'mawa wina ndinadina, ndinatembenuka kuti ndikaike madzi pamoto mwa chizolowezi, ndipo pulogalamu inali itatseguka ndisanafike pakhomo. Sinasanduke yatsopano ayi. Inali nkhalamba yomweyo, koma nkhalamba yoti yapeza ndodo.

Lamlungu litafika zonse zinayenda bwino mochititsa mantha. Magetsi analipo, netiweki inalipo, nkhope inabwera msanga ndipo inakhala. Ada anapemphera, ndipo poti makina sanawadule, pempherolo linafika mpaka kwa odwala a m'zipatala ndi oyenda panyanja. Anapereka moni. Kenako anayamba malonje, kumuuza mwanayo onse amene anamwalira chichokereni iye, mmodzimmodzi, matenda ake ndi kumene anaikidwa, ndipo pa dzina lililonse mwanayo ankavula chipewa n'kupepesa. Atatha ada anabwera mkulu wina wa banja. Atatha iye, azakhali. Aliyense ankakhala pampando, kukonza zovala, kufunsa za moyo, kuyankhidwa, kufunsidwa, kuyankha, kuthokoza kuti, “Yewu, yewu,” n'kunyamuka mosafulumira. Ine ndinkayang'ana koloko ya pakona ya sikirini, mtima ukuwira. Ndinanong'oneza mayi wina kuti ama apite tsopano, iye n'kundiyankha kuti nthawi yawo ikubwera.

Inabweradi. Anawagwira dzanja, anawakhazika pampando, ndipo anayamba kuyendetsa mutu kufunafuna pamene pali nkhope. Ndinamva mwanayo akunena kuti, “Ama,” kenako mawu a munthu wina kumbuyo kwake, ndipo sikirini inada. Nthawi yake inali itatha. Ama anakhalabe akuyang'ana kwa kanthawi, n'kufunsa kuti, “Ali mbali iti?”

Ndinatuluka panja kuti ndisalankhule zimene zinali pakamwa panga. Sabata yonse ndinali nditavutikira timphindi timeneto, kuti ndiwapezere ama, ndipo tinadyedwa ndi anthu a maso awiri.

Madzulo ndinapita kukanyumba ka ama ndikadali wotentha. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanalankhulire, mwana ali wawo. Anandiyankha modabwa kuti ndikufunsa chinthu chodziwikiratu. Munthu akabwera kuchokera kuulendo wautali, anatero, sathamangira kwa amake ngati mwana wa mbuzi. Amakhala pabwalo, akulu amamulandira, amamuuza za maliro kuti asaseke ndi munthu amene akulira, abale amamupatsa moni. Zonse zikatha, anthu amabalalika, ndipo iye amalowa m'nyumba ya amake. Kumeneko palibe womuthamangitsa. Amadya, amacheza, amagona pomwepo. Mayi amabwera pomalizira chifukwa gawo lake ndi lalikulu kuposa la onse.

Apa ndinaona kuti ndinawaweruza molakwa anthu aja. Sankawalanda ama kanthu. M'maganizo mwawo ankawasungira malo aulemu, monga amachitira kuyambira kale. Kungoti mwambowo unapangidwira munthu wobwera ndi miyendo, amene akafika wafika. Sunkadziwa za mlendo amene kompyuta ya eni ake imamutsekera pakati pa mawu. Ndili mkati moganiza zimenezi, ama anatenga ketulo kuti andithirire tiyi, ndipo anathira pambali pa kapu, tiyi n'kumayenderera pamphasa iwo osadziwa. Ndinasuntha kapuyo mwakachetechete kuti ilandire wotsalayo. Ndinachita mantha kwambiri tsiku limenelo.

Pakati pa sabata ndinapita kwa ada. Ndinawapeza pakhonde akupukuta nsapato za kutchalitchi. Ndinakhala pansi monga mwa ulemu, ndinapereka moni wonse bwinobwino, kenako ndinapempha kuti Lamlungu likubweralo ama ayambe ndiwo, ena adzabwere pambuyo nthawi ikatsala.

“Amadamu,” anatero osasiya kupukuta, “kwanu ku Ntcheu mlendo amafikira kukhitchini?”

Ndinati ayi, koma uyu si mlendo wofika, ndi chithunzi chakanthawi.

“Ndi mwana wa nyumba ino. Maliro sitinamalize kumuuza. A kwawo kwa amake sitinawatchule n'komwe. Mukufuna anthu adzati tinamubisira?”

Apa mtima wanga uja unanditsogolera. “Ada, akufawo sakuthamangira kulikonse. Adikira. Diso la ama ndi limene silikudikira. Lamlungu lomweli madzulo anathira tiyi pansi kapu ili patsogolo pawo. Inu mwamuona mwana uja kawiri konse, ndipo maso anu ndi abwino, mudzamuonanso. Iwo sanamuone.”

Anaika nsapato pansi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinakumbukira kuti ndine mkazi, wobwera, wa lendi, ndipo m'makina mwanga muli khadi lawo.

“Mwamaliza?” anafunsa.

Ndinati ndamaliza.

“Yewu. Muyende bwino.”

Masiku otsalawo ndinkangoyembekezera kuti atuma munthu kudzatenga kakhadi kawo. Ndikamva kugogoda, ndinkati ndi ameneyo. Popanda kakhadiko tikanabwerera ku sikirini yoyera ija, ndipo chifukwa chake chikanakhala pakamwa panga. Ndinadzitukwana, kenako ndinawatukwana iwo mumtima, kenako ndinadzitukwananso. Sanatume munthu. Sanabwerenso kudzandiuza kuti avomera. Kutchalitchi tinapatsana moni wouma ngati anthu ongodziwana pamsewu.

Lamlungu anthu anadzazanso, ngakhale anachepako poyerekeza ndi poyamba. Ada anakhala pampando wawo patsogolo pa tebulo, jekete ndi tayi zili m'malo. Ama anali pamphasa kumbuyo. Ine ndinali nditabwereka chingwe chachitali cha magetsi kusukulu, ndipo ndinali nditatseka makatani kuti kuwala kwa panja kusalimbane ndi sikirini. Palibe anafunsa chifukwa chake. Ndinadina, pulogalamu inatseguka, kuitana kunalira, nkhope inabwera. Ada anakonza kukhosi kuti ayambe pemphero.

Ndinanyamula laputopu patebulopo. Ndinadutsa nayo pambali pa ada, chingwe chikukwekwereka kumbuyo kwanga, azimayi akupinda miyendo kuti ndidutse. Ndinagwada patsogolo pa ama, n'kuiika pa kampando kakafupi, n'kuweramitsa sikirini kuti ilunjike diso lawo lakumanja. Kumbuyo kunamveka kung'ung'udza, wina anatchula dzina la Mulungu, koma sindinacheuke.

Mwanayo anali atakonzeka kulonjera ada, chipewa chili m'manja. Ataona amene ali patsogolo pake anangoti, “Ama.” Ama anasendeza nkhope pafupi, mphuno pang'ono kugunda sikirini, n'kuyendetsa mutu mpaka anamupeza. Atamupeza anaima.

Kenako palibe chinachitika. Chithunzi chinangoti duu. Mwanayo sankagwedezeka, sankalankhula, maso ali pamalo amodzi. Ndinkachidziwa bwino chithunzi chotero, ndinali nditachiona kambirimbiri. Ndinali nditanyoza mkulu wa banja pamaso pa anthu ake, ndipo makina asankha nthawi yomweyo kuti aume. Ndinatambasula dzanja kuti nditseke pulogalamu ndiyambirenso, mwina tipulumutseko kanthawi.

Dzanja lina linagwira mkono wanga. Anali ada. Anali atanyamuka pampando, ataima kumbuyo kwanga, ataweramira sikirini.

“Musakhudze, amadamu,” ananong'ona. “Sanaume makinawa. Taonani, akuphethira.”

Ndinayang'anitsitsa. Mwanayo anaphethiradi, ndipo kukhosi kwake kunayenda ngati akumeza kanthu. Kanyali ka laputopu kanali phee. Anali atangokhala chete kuti amake amuone, ndipo iwo ankamuona, pang'onopang'ono, monga ankaonera chinthu chilichonse, kuyambira pamphumi kutsika. M'nyumba monse munalibe wotsokomola.

Ama atalankhula, analankhula Chitonga, koma chinali chosavuta moti nanenso ndinamva. Anamuuza kuti atembenukire kumanja. Anatembenuka. Kumanzere. Anatembenuka. Anamuuza aweramitse mutu, ndipo anaona pamene tsitsi linayamba kuthothoka, n'kudandaula pang'ono kukhosi. Anamuuza aseke kuti aone mano. Bambo wamkulu uja, ali pakati pa anthu achilendo mu kafe ya ku Joni, anayasamula n'kuonetsa mano, misozi ikutsika, ndipo ama anapeza kuti limodzi lam'mbali kulibe. Anafunsa kuti linapita kuti, koma sanadikire yankho. Anati aonetse manja, kunja ndi kumkati. Anati asendere kumbuyo kuti aone mapewa ngati akudya. Kenako anati abwererenso pafupi, ndipo anangomuyang'ana.

Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji, chifukwa tsiku limenelo sindinayang'ane koloko. Ada sanabwerere pampando. Anaima pomwepo mpaka mawu a munthu wa pa kafe anamveka, mwanayo n'kukweza dzanja, sikirini n'kuda. Palibe wina aliyense amene analankhula naye, ndipo pemphero silinachitike.

Mvula isanagwe chaka chimenecho, diso lija linatseka. Koma masana amenewo ama anawongoka bwinobwino, anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, n'kupempha madzi akumwa. Anthu anayamba kupuma ndi kusuntha miyendo. Ada anatulutsa kampango m'thumba la jekete, anapukuta magalasi awo nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira, ndipo poti ndi ada, sanathe kupirira.

“Alamu,” anatero, “mwana uja simunamupatse n'komwe moni.”

Ama anamaliza kumwa, n'kupereka kapu kumene ankaganiza kuti kuli dzanja langa.

“Moni ndidzamupatsa pa foni, alamu,” anayankha. “Makutu ndikadali nawo.”